Aleluya wa Nowa pa Msewu wa Cassacatiza

Chiphulikire bomba pafupi ndi khutu lake kumunda, Nowa wa mpingo wa Ziyoni anali ndi vuto lochititsa manyazi. Mantha akangomugwira, pakamwa pankatuluka nyimbo, osati yong'ung'udza ayi, yokweza ngati ali m'tchalitchi. Ndege ikadutsa, Aleluya! Buluzi akathamanga m'masamba ouma, Aleluya!

Tsono gulu la omenyera ufulu linkakonzeka kudutsa msewu wa ku Cassacatiza, momwe munkayenda asilikali a Chipwitikizi, kuti liperekeze anthu ku Zambia. Kumeneko kunali mkazi wa Nowa, Generosa, ndi khanda limene bamboyo anali asanalione.

"Woimba sapita nafe," anatero Kamarada Custódia, mtsogoleri wa gululo. "Mutiphetsa tonse, a Nowa."

Nowa anagwada, misozi ili chuchuchu. Custódia anamva chisoni, ndipo anaitana anthu awiri omwe sankamwerana madzi. Aroni, mphunzitsi wa sukulu ya kutchire, ankadziwa zonse za m'mutu ngakhale sanagwirepo mutu wa munthu. Gideoni, wogawa mankhwala, ankakhulupirira zala zake zokha, kuganiza ankati ndi ulesi.

"Khalani pamodzi, mumukonze munthuyu dzuwa lisanapendeke," anawalamula Custódia.

Aroni anajambula pamchenga. "Ubongo uli ngati mlatho wa mtengo umodzi. Pamadutsa chinthu chimodzi basi. Mantha akakwerapo, amakoka nyimbo."

"Munauonapo mlathowo, a kamarada?" anafunsa Gideoni. Iye anagogoda mutu wa Nowa ngati dzungu, anamudzaza bwemba mkamwa, kenako anamenya chitini kumbuyo kwake. Nowa anaimba, bwemba ali mkamwa momwemo. Anamudyetsa tsabola, anaimba akulira. Anamuzondotsa, miyendo m'mwamba, koma abale, nyimbo inatuluka chozondoka chomwecho! Mtima wa Nowa unasweka, poti dzuwa linkapita.

Apo awiriwo anayambana. Aroni anati Gideoni ndi wopha mbuzi chabe. Gideoni anati Aroni ndi wolima ndi pakamwa, ndipo mwaukali anaponya chitini pamwala. Phokoso lake! Koma Nowa anali duu, kukamwa yasa, maso akuyenda uku ndi uku. Ndani sakonda kuonerera ophunzira akutukwanana?

"Taonani, sanaimbe," anatero Gideoni.

"Mlatho wadzaza ndi mkangano wathu!" anakuwa Aroni.

Anayesanso. Atakhala chete n'kumenya chitini, Aleluya. Atakangana n'kumenya chitini, zii. Custódia anapukusa mutu, komabe anavomera kuti Nowa apite, Aroni kukhutu lamanja, Gideoni lamanzere, akutukwanana monong'ona.

Anatsika m'phiri bwinobwino, manong'onong'o ali mkati, za ubongo, za mphuno ya Aroni, za mankhwala a Gideoni omwe sanachizepo ngakhale nkhuku. Atangoponda msewu, kutali kunamveka kulira kwa galimoto ya asilikali. Gideoni mtima unafewa.

"Ngati tifa lero, a mphunzitsi, dziwani kuti mlatho wanu ulipodi."

"Nanunso, m'bale wanga, chitini chanu n'chanzeru."

Ha! Nthawi yogwirizana ndi imeneyi? Onse awiri anati chete, atagwirana manja kumbuyo kwa Nowa. Nowa anamva Aleluya akunyamuka m'mimba, akukwera pachifuwa, wafika pakhosi. Galimoto inkayandikira. Anaganiza za khanda lake, n'kunong'ona ndi kampweya komwe kanatsala:

"Pepani akuluakulu, kodi mwa awirinu, watulukira mankhwalawa ndani?"

"Ine!" ananong'ona onse pamodzi, manja n'kutayana.

Galimoto inadutsa iwo atagona m'udzu tsidya la msewu, Aroni akulumbira kuti popanda mlatho chitini ndi chitini chabe, Gideoni akumukumbutsa yemwe anachiponya. Nowa anagona pakati pawo, nkhope m'dothi, akulira mwakachetechete ndi chimwemwe. Atadzuka anawapempha mwaulemu kuti asakhululukirane mpaka atamunyamula mwana wake.