Zikhadabo za a Renzo

Nyumba yathu ili ndi masitepe khumi ndi anayi. Anaimanga ndi apongozi anga, pamwamba pa nsanamira ngati nyumba zonse zakale za kuno ku Ingham, kuti mtsinje ukasefukira madzi azingodutsa pansi. Ndakwera masitepe amenewo zaka makumi anayi ndi zitatu, ndi mwana, ndi zochapa, ndi majumbo a kushopu, koma sindinawawerengepo. Ndinawawerenga mu Ogasiti, sitiroko itawagwira amuna anga, a Renzo, mbali yonse ya kumanzere.

Atatuluka m'chipatala sitinabwerere kwathu. Tinakapanikizana mu fulati ya mwana wathu Leanne m'tauni, poti ndi yapansi. Munthu amene anakolola nzimbe moyo wake wonse tsopano ankakwakwaza mwendo kumbuyo kwa chitsulo choyendera, ndipo ulendo wake wautali unali wochoka pabedi kukafika kuchimbudzi.

Leanne ndi mwana wosadziwa kuzungulira, anatengera ine. Tsiku lina tikumwa tiyi anangoti, "Adadi, ntchito ya kumgodi ija ndayipeza. Ndikunyamuka mu Disembala, fulati ino ndikubweza. Kunyumba ya okalamba kwapezeka malo, akufuna yankho pofika pa 28 Novembala."

"Ndili ndi nyumba ine," anatero a Renzo, kukamwa kukupendekera mbali imodzi.

"Nyumba yake ili kumwamba, adadi. Amami angakubereke?"

"Nanga ndikakwera ndekha?"

"Mukakwera onse khumi ndi anayi, ndikaimba foni ndekha kuti malowo apatse wina."

Mwina mungamuone ngati mwana woipa, koma ayi. Analira ali m'bafa madzi akutuluka, akumayesa sitikumva.

Ife ndi banja lokangana, ndisakunamizeni. Takanganapo za mchere, za galu, za njira yachidule yopita ku Townsville. Koma mkangano waukulu wa chaka chino unali wa zikhadabo. A Renzo ali ndi shuga, ndipo zikhadabo zawo za kumapazi zinakhuthala ngati nyanga za mbuzi. Mimba inawaletsa kuwerama, ndiye kuwenga inali ntchito yanga. Mu Januwale ndinatopa nazo. Ndinaponya chowengera m'dilowa n'kunena kuti sindinakwatiwe ndi mapazi ine. Mnzanga wina wa kutchalitchi anali atandinong'oneza kuti odwala shuga boma limawalipirira dokotala wa mapazi, ndiye ndinawakokera kukatenga kalata. Ankapita pakatha milungu isanu ndi umodzi iliyonse, n'kumabwerako akununkhira mafuta, akundiseka kuti, "Taonani, a Glenys, anzanu amagwira phazi mwaulemu." Ine n'kumadzitama kuti ndachenjera.

Tsono Leanne atapereka tsiku lake lija, ndinathamangira kwa dokotala. Madokotala a kuno sakhalitsa. Amabwera mwezi umodzi, ukamazolowera nkhope wapita, kwabwera wina. Wa mwezi umenewo anali mnyamata waulemu, wotopa, ndipo panja panali anthu khumi ndi awiri akumudikira. Anati mwendowo ungathe kudzuka ndi mafizo, makamaka miyezi yoyambirira ino. Kuchipatala cha boma mzere wake unali wa miyezi isanu ndi itatu. Choncho anatilembera kalata yoti Medikeya, thumba la boma lolipirira odwala, itilipirire maulendo asanu kwa dokotala wa mafizo woima payekha.

"Koma pezani amene amalandira khadi ya Medikeya yokha, osawonjezera kanthu pamwamba," anatero. "Alipo ochepa."

Kuchepa kwake ndinakuona ndekha. Milungu itatu ndinakhala pa tebulo la Leanne, foni kukhutu, ndikukhwatcha mayina kuseri kwa envelopu.

"Khadi timalandira, mayi, koma mumawonjezerapo."

"Zingati?"

Akatchula, ine n'kuseka. Anthu awiri odya penshoni, mankhwala odzaza shelefu yonse.

Wina anati anasiya zimenezo chaka chatha. Wina anati mabuku ake ndi odzaza mpaka Malichi. Wina anandiimbitsa nyimbo mphindi makumi awiri kenako foni n'kuduka. Kamtsikana kena kanandifunsa ngati ndayesa kuona pa intaneti. Ndinakauza kuti intanetiyo ibwere idzawakweze amuna anga masitepe. Ndikudziwa, sikanalakwe kanthu, koma mtima unali utafika pakhosi.

A Renzo ankamvetsera ali pampando. "Mukawakalipira onse, atsala ndani?"

"Inu khalani chete. Mukanakhala ndi pakamwa m'mwendomo bwenzi mukuthamanga."

Wa nambala 19 pa mndandanda wanga ndi amene anavomera. Dzina lake Tahlia, kuseri kwa Townsville, ulendo wa ola limodzi ndi theka. Lachinayi lililonse ankaona anthu a penshoni ndi khadi yokha, ndipo wina anali atangosiya malo pa 6 Novembala. Ndinawerengera pa kalendala. Maulendo anayi tsiku la Leanne lisanafike. Ndinapsompsona foni, ine nkhalamba yonseyi.

Tsikulo a Renzo anavala malaya awo a ukwati wa Leanne. Njira yonse ankaloza minda ndi dzanja lamoyolo, kunyoza nzimbe za anthu. Anali asanalankhule chonchi chidwalireni.

Titafika, mayi wa pakauntala analandira khadi yobiriwira ija ndi kalata, n'kuyamba kugogoda kompyuta. Anagogoda, n'kuima. Anagogodanso.

"Pepani, mayi Cavallaro. Maulendo awo asanu a chaka chino anatha kale."

"Anatha bwanji? Lero ndi loyamba."

"Apa zikuonetsa asanu. Lomaliza mu Julayi. Kwa dokotala wa mapazi."

"Amenewo ndi mapazi! Ife tabwerera mwendo."

"Ndi thumba limodzi, mayi. Kaya mapazi, kaya mafizo, kaya wa zakudya, onse amatapa pa asanu omwewo. Ena adzayamba pa 1 Januwale."

Mutu unaima. Maulendo asanu a mwendo wa amuna anga ndinawathera ine pa zikhadabo, chifukwa chonyansidwa ndi ntchito ya mphindi khumi. Palibe anandiuza, inde, koma inenso sindinafunse. Ndinangomva zoti n'zaulere basi.

A Renzo anali atamva zonse. Ndinadikira kuti andinyoze, ndipo ndinkafuna atandinyoza. Iwo anangoyang'ana nsapato zawo.

Tahlia anatuluka atamva phokoso langa. Anali mtsikana wamfupi wa mikono yamphamvu. Anati bwana wake salola kuona munthu popanda kolipirira, ndipo tsikulo tikanalipira tokha, mlungu wotsatira bwanji? Komabe anatiperekeza kugalimoto, ndipo pamalo oimika magalimoto pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, anawaimiritsa a Renzo pa kasitepe ka simenti ka m'mphepete mwa msewu n'kuwaonetsa kakweredwe.

"Mwendo wabwinowo uzitsogola pokwera, agogo. Wodwalawo uzitsogola potsika. Mayi, inu muziima kumbuyo, mbali yofookayo, mutagwira lamba."

Anatipatsa pepala la zithunzi za timunthu tikupinda mawondo. Ndinamufunsa ngati angakwanitse khumi ndi anayi pa milungu itatu. Anayang'ana mwendowo, n'kuyang'ana ine.

"Bwerani mu Januwale," anatero. "Ndikusungirani malo."

Tinayesa ndithu. M'mawa uliwonse ndinkawatengera kunyumba kwathu, kunja kusanatenthe. Udzu unali utakula, mango akuwolera pansi. Ndinkagwira lamba, iwo chitsulo cha m'mbali. Mlungu woyamba anakwera awiri. Wachiwiri anafika anayi, ndipo tinakagula ayisikilimu. Kenako bondo linayamba kugwedera, ndipo ine sindinkadziwa ngati ndiwakakamize kapena ndiwaleke. Pepala silinena zimenezo. Timunthu take timangomwetulira.

Pa 27 Novembala Leanne anabwera nafe. Anaima pansi, manja ali pakamwa. A Renzo anakwera loyamba, lachiwiri, lachitatu, thukuta likudontha pachibwano. Pa sitepe lachisanu mwendo unakana. Unangolendewera, chala chikukhula thabwa. Anaukalipira m'Chitaliyana cha bambo awo, koma sunamve. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kukhala pansi pa sitepe pomwepo.

"Asanu," anatero akupuma movutikira. "Ifetu ndi asanu basi."

Palibe anaseka. Kenako a Renzo anati, "Leanne, imba foni ija, mwanawe. Usawadikiritse anthu."

M'galimoto Leanne anandigwira dzanja. "Amami, ngakhale akanapita maulendo onsewo, sakanakwanitsa. Maulendo asanu n'chiyani pa sitiroko?"

Mwina ankanena zoona. Koma sakudziwa, nanenso sindikudziwa, ndipo kusadziwako ndi kumene kumandidya. Madzi akatayika saoleka.

A Renzo analowa kunyumba ya okalamba pa 3 Disembala. Chipinda chawo n'chaukhondo, zenera limayang'ana kumpanda. Ine ndinabwerera kwathu ndekha, ndipo sitepe lililonse ndimalimva m'mabondo.

Tahlia anasunga lonjezo. Mlungu wachiwiri wa Januwale foni inalira ndili m'chipinda chawo. Anati malo alipo Lachinayi, tingotenga kalata yatsopano. Ndinatseka foni ndi dzanja n'kuwauza a Renzo.

A Renzo anayang'ana pansi posalala pa chipindacho, pakhonde posalala, mpaka kuchitseko chimene chimadzitsegukira chokha.

"Kuno ndikwera chiyani, a Glenys?" anafunsa. "Muuzeni mwanayo apatse wina amene akadali ndi kwawo."

Ndinawachonderera. Ndinawakalipira. Ndinawatchula mayina onse amene ndawatchulapo zaka makumi anayi ndi zitatu, kuti mwina apse mtima andibwezere. Anangogwedeza mutu. Ndinamuthokoza Tahlia n'kudula foni.

Kenako ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa chowengera chija, chimene ndinachipeza m'dilowa momwe ndinachiponya. Ndinakoka kampando, ndinawavula sokosi, n'kuika phazi lakufalo pamiyendo panga. Zikhadabo zinali zitakulanso.

"Pano pamabwera wa mapazi mwezi uliwonse," anatero a Renzo. "Musavutike."

"Khalani chete," ndinatero. "Tambasulani phazi."

Anayesa kulitambasula. Silinasunthe.