Chipewa cha Bwana pa Mtsetse wa Likhubula

Muhiwa anali kutsogolo kwa machila, mtengo uli paphewa, iye ndi mnzake akutsetsereka chothamanga kulowera kumtsinje wa Likhubula. M'machilamo munagona bwana wachizungu wa munda wa khofi, chimunthu cholemera ngati ng'ombe, akuwakalipira kuti afulumire.

Mwadzidzidzi mphepo inaulutsa chipewa chake.

"Imani pomwepo!" anakuwa bwanayo.

Muhiwa anaponda zolimba n'kuima. Koma chinthu cholemera chikathamanga sichiima ndi mawu. Thupi la bwana linapitirira ulendo, mtengo n'kumukankha Muhiwa, onse khu! pamiyala.

Chikoti cha bwanayo chinatera pa Muhiwa, ati wagwetsa mzungu dala.

Akutsuka mabala mumtsinje, mtima unkamuwira. Liwiro analamula ndi bwana, kulemera n'kwa bwana, chipewa n'cha bwana. Chake iye pamenepa unali msana basi.