Kolala wa Mkanjo wa Che Bakali

"Musanajambule munthu, yambani mwajambula mpandowo," a Jenkins anatero.

Sumaiya anachotsa diso pa kamera. Mpandowo unali wopanda munthu. Kumbuyo kwake kunali nsalu yakale yojambulidwa nyumba yosanja ndi maluwa amene ku Mangochi samera.

"Mpando wokha, agogo?"

"Eya. Onani kumene kuwala kwa pazenera kukugwera. Mukaudziwa mpando, munthu sakuvutani. Ndipo mukanditchulanso agogo ndikulandani kamerayo."

Sumaiya sanabwere ku boma kudzaphunzira. Anachoka ku Lungwena kudzatenga a Jenkins, amene anajambula maukwati ndi zikwati zambiri mafoni asanafike, kuti akajambule bambo ake. Koma anawapeza ali ndi ng'ala m'maso. "Munthu ndimamuona ngati waima kuseri kwa utsi wowamba nsomba," anamuuza choncho. "Manja ndi maso muli nawo ndinu. Muzibwera."

Bambo akewo, Che Bakali, anali telala wodziwika wosoka mikanjo, munthu woti akaona ulusi ukulendewera pa malaya a mlendo sankapuma mpaka ataudula. M'dzinja sitiroko inawagwetsa. Pakamwa panapotokera kumanzere, dzanja nalo linafumbata osatambasukanso. Tsiku lina ali chigonere pamkeka, dovu likutsikira pachibwano, Sumaiya anawajambula ndi foni n'kutumiza kwa mchimwene wake Yunus ku Joni, kuti adziwe kuti matendawo si ocheza. Yunus anatumiza kwa abale, abale kwa anzawo. Kenako Che Zubair, mnzawo wa kumzikiti, anabwera kudzazonda, n'kuwaonetsa chithunzicho ndi mtima wabwino ndithu: "Taonani mmene munalili, achimwene. Panotu mwachira."

Kuyambira tsikulo Che Bakali anasiya kutuluka pakhonde. Sumaiya akalowa ndi phala, ankatembenukira kukhoma. Ankalankhula ndi mkazi wawo, ankalankhula ndi nkhuku zikalowa m'nyumba, koma mwana wawo wamkazi ayi. Chithunzicho Sumaiya anachifufuta, koma chinali chitapita kale.

Ndiye ankapita kwa a Jenkins masiku amene mayi ake sankapita kumunda. Mkuluyo ankakhala yekha pampando ngati wodzajambulitsa, jekete atamanga mabatani. Tsiku lina asanakhazikike bwino, kamera inalira.

"Mwandifunsa?"

"Munaoneka bwino, n'chifukwa chake."

"Ndinali kufuna pokanda. Mwazolowera foni inu. Foni imatola munthu mmene yamupezera. Apa munthu wasamba, wavala, wabwera yekha. Mudikireni mpaka afike."

Anamuphunzitsa kuimika kamera pa miyendo yake kuti isagwedere. Mapazi a munthu aponde pansi onse. Mapewa agwe okha. Manja apatsidwe chochita, apo ayi amaoneka obwereka. Ndipo munthu sagwiridwa.

"Amayi achisilamu ndawajambula osawerengeka, koma chibwano cha mmodzi yemwe sindinachikhudze. Ndimawapatsa ichi." Anatulutsa galasi laling'ono lodziyang'anira, lothetheka pakona. "Amakonza okha mpango bwino kuposa ine."

"Nanga munthu akakhala kuti mbali ina ya nkhope sili bwino?"

A Jenkins anayankha, "Mumapotoza mpando pang'ono. Mbali yabwino ku kuwala, inayo kumthunzi. Ambiri amathokoza." Anakweza chala kuloza kukhoma, kumene kunali chithunzi cha mayi wovala yunifomu ya Mpingo wa Anglican, chipsera chamoto chikuoneka patsaya. "Malemu mkazi wanga Olivia ndiwo anakana. Anati ndikafuna mkazi wa tsaya limodzi ndikasake kwina."

Sumaiya anaseka, koma pobwerera pa kabaza chimene anasunga m'mutu chinali cha mpando chija. Mbali yabwino ku kuwala, inayo kumthunzi. Yunus aone bambo ake akale. Onse amene anaona dovu lija aone china.

Lachisanu m'mawa anasita mkanjo woyera umene Che Bakali anadzisokera okha, n'kukauika pamkeka pamodzi ndi chisoti. Anagwada.

"Baba, ndabwereka kamera. Ndikufuna ndikujambuleni. Mukakana ndikabweza lero lomwe, ndipo sindidzafunsanso."

Che Bakali anali atayang'ana kukhoma monga mwa masiku onse. Panja wogulitsa usipa anadutsa akuitanira. Kenako dzanja lamanja linafufuza pamkeka, linapeza mkanjo, n'kuyenda ndi msoko mpaka m'khosi.

"Kolala," anatero, lilime likulemera.

"Baba?"

"Wapinda. Ndani anakuphunzitsa kusita?"

Sumaiya anautenga mkanjowo msangamsanga n'kutuluka, kuti asamuone nkhope. Anawonjezera makala m'simbi n'kusita kolalayo mbali zonse ziwiri.

Mayi ake anawaveka n'kuwagwiriziza mpaka pakhonde. Mpando Sumaiya anali atauika kale pamthunzi, kumbuyo atapachika nsalu yabiriwira yotsala m'shopu. Anali ataupotoza monga anaphunzirira. Bambo ake atakhala, anatenga kansalu n'kufunditsa dzanja lopuwala lija pamwendo, ngati wangokayala.

Che Bakali anayang'ana kansaluko, anayang'ana kumene mpando waloza, kenako anayang'ana mwana wawo. Anakatola ndi zala ziwiri n'kukagwetsa pansi.

"Ukundibisa?"

"Ayi, Baba, kuwala kwake..."

"Poyamba unandionetsa. Pano ukundibisa."

Sumaiya anaona kuti zonse zatha, kuti awaitana mayi ake awabwezere m'nyumba. Manja ake anafuna kuthamangira pa mapewa awo, kuwakonza, kuwapepesa. M'malo mwake anapisa m'chikwama n'kutulutsa galasi la a Jenkins. Analipereka ndi manja awiri, n'kubwerera kuseri kwa kamera.

Chiyambire matendawo Che Bakali anali asanadzione, kupatula pa foni ya Che Zubair. Anayang'ana nthawi yaitali. Anapukuta pakona pa mlomo ndi chala chachikulu. Anakankhira chisoti kutsogolo pang'ono. Kenako anakwekweretsa mpando ndi mwendo wabwinowo, pang'onopang'ono, mpaka nkhope yonse inaloza kamera. Mayi ake anafuna kuthandiza, koma Sumaiya anawapukusira mutu. Pomaliza anagwira dzanja lakufalo ndi lamoyo, analinyamula ngati nsalu yodula ya mwini, n'kuliika pa bondo, poyera.

Mu kamera Sumaiya ankaona zonse: mlomo wopotoka, zala zofumbata, kolala wowongoka. Kuwala kunkagwa mbali zonse mofanana, zimene a Jenkins akanadandaula nazo. Chala chake chinali pa batani. Sanadine. Ntchentche inatera pa mkanjo n'kuuluka. Mumsewu anthu anali atayamba kudutsa kupita ku swala kumzikiti, ena akucheuka.

Mapewa a bambo ake anagwa okha.

"Tsopano," anatero.

Kamera inalira kamodzi.

Sanapemphe kuona chithunzicho, ndipo Sumaiya sanawaonetse. Sanadziwe ngati chatuluka bwino, kapena ngati mawa adzalandira phala m'manja mwake. Anayamba kupinda miyendo ya kamera. Mayi ake anafika kuti awadzutse, koma Che Bakali anakaniza mkono.

Pamsewu Che Zubair anali ataima ndi njinga, akuoneka kuti sakudziwa ngati alowe kapena apitirire. Anapereka salaamu ali patali. Che Bakali anayankha, mawu akukoka, koma anafika.

Sumaiya anamasula nsalu yabiriwira ija n'kugwira nsana wa mpando, kudikira kuti adzuke.

"Nsaluyo chotsa," bambo ake anatero, maso ali kumsewu. "Mpandowu usiye."