Nkhata ya Kuseri kwa Mgodi

Moni, owerenga okondedwa. Tiyamike Mulungu amene watisunga mpaka lero.

Chaka chimene malire anatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona, mayi ake a Luka anamwalira ku Dedza, iye ali kunja kwa dziko, ku Perth. Maliro anawaonera pafoni. Ataitana dzina lake kuti aike nkhata pamanda, amene ananyamuka m'malo mwake anali msuweni wake. Kuyambira pamenepo Luka anangoti zii. Akakwera ndege kupita kumgodi wa m'chipululu, kumene ankakonza makina, foni ya mkazi wake Edda sankaiyankha.

Edda ankagwira ntchito kunyumba yosungira zomera zouma, kumata masamba ndi maluwa pamapepala. Tsiku lina anapeza papepala lina kaduwa kachibakuwa, ngati nsalu ya paguwa nyengo ya Lenti. Munsi mwake munalembedwa pamene kanatengedwa: pamchenga wofiira, m'mphepete mwa khwawa louma. Anatulutsa tinzake tonse, nadontheza malo ake pamapu. Dontho limodzi linagwera kuseri kwa mgodi wa mwamuna wake.

Luka atabwera kudzapuma, Edda anamupempha kuti akaone ngati kaduwako kakadalipo, koma asakathyole, poti lamulo limaletsa.

"Ndine makaniko ine, mayi a Samantha, osati njuchi."

"Njuchi imabwerako ndi uchi. Inu mumangotibweretsera fumbi."

Luka sanaseke, koma mapu anawapinda n'kuika m'thumba.

Anayamba kuyenda m'khwawa muja akaweruka. Ankaimba foni kudandaula kuti kulibe kanthu, ntchentche zokha, ndipo mwina amene analembayo anali atalezedwa ndi dzuwa. Edda ankavomera zonse, mumtima akuyamika kuti munthu wayambanso kulankhula.

Kenaka kunagwa mvula. Lamlungu lina Edda akutuluka m'tchalitchi ku Mirrabooka, dera la ku Perth komweko, foni inalira. Luka anati wakapeza kaduwa kaja, kakang'ono kwambiri, patsinde pa mwala. Anati wagwada pomwepo, watchula dzina la mayi ake, waimbanso nyimbo imene mayiwo ankaikonda popalira.

"Sindinathyole," anatero. "Nkhata yawo Ambuye anaiika kale. Ine ndangofikapo."

Ndipo analira maliro amene anawasunga miyezi yonse ija. Edda anakhala pansi pamasitepe a tchalitchi, osamutonthoza msanga, nalira naye monga timachitira pasiwa.

Iye amene amaveka maluwa akuthengo, ngakhale kumene kulibe wowaona, akukumbukireni m'chipululu chanu, akupukuteni misozi, nakupatseni mtendere.