Osesa a malemu Gawie

Mayi Elsabé anali atalozetsa kale mankhwala a mphemvu m'bokosi lagalasi pamene mwana wawo Dewald anawagwira mkono.

"Amayi, musatero."

"Taona tizilombo tikuyendayendati. Bambo ako tawaika dzana, lero nyumba yayamba kuwola?"

Bokosilo linaima pabalaza, lalitali kulekeza m'chifuwa. Malemu a Gawie, amuna awo, anatha milungu isanu akulikonza: miyala pansi, makala, dothi, masamba ouma, kenako zomera ndi nthambi. Mwini wake weniweni, nalimata wansidze ngati za munthu, anali akudikirabe m'chidebe chapulasitiki kukhitchini, ndipo ankadya monyinyirika. Dewald amabwerera ku Upington mawa lake, kunyumba yalendi yosalola ziweto. Amayi akakana, nalimatayo analibe kolowera.

"Tizilomboti bambo anachita kuitanitsa," anatero Dewald. "Timadya ndowe ndi masamba owola. Ndi antchito osesa. Mukatipha, m'bokosimu muyamba kununkha."

"Munthu wosatha kutola sokosi zake, analemba osesa?"

Anaika mankhwala patebulo n'kuvala magalasi. Sanafune kuonetsa, koma chidwi chinali chitawagwira. Zaka zonsezi ankangoti ndi zibwana za nkhalamba, osafunsako kanthu.

"Nanga nalimatayo bwanji sanamulowetse?"

"Amadikira kuti mizu igwire. Akalowa msanga azula zonse polumpha."

"Amadya chiyani?"

"Phala la zipatso."

"Phala? Nalimata? Ine kumandiuza kuti sadziwa kutakasa mphika."

Anawerama, mphuno pafupi ndi galasi. Kuseri kwa khungwa kunali chomera choyanga chamawanga oyera, chitatulutsa masamba anthete atatu. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi n'changa," anatero motsitsa mawu. "Anandisiyira ndi agogo ako. Chinapsa ndi chisanu mu Julaye, ndinakachitaya kudzala ndikulira. Bambo ako amawerenga nyuzipepala, sanadzutse n'komwe mutu."

"Sanakuuzeni kuti anakachitola?"

"Gawie ankauza munthu kanthu?"

Mtima unawawawa, komanso anafuna kuseka. Anatsegula kachitseko kagalasi, fungo la dothi lonyowa linawapeza kumaso. Kachilombo kena kanakwera pachala chawo, sanakasase. Anagwira tsinde la chomera chija ndi zala ziwiri n'kukoka pang'ono. Sichinasunthe.

"Yagwira mizu," anatero. "Pita ukamutenge nalimatayo, mnzawo wa bambo ako. Ubweretsenso ndi supuni, undionetse katakasidwe kake."