Msoti wa pa Chinkhoswe

Akazi ena akadzuka amayamba ndi tsache. Lena ankayamba ndi khola. Ankagwira nkhuku imodziimodzi, kuitukula mchira ndi kusuzumira pansi pake, ndipo akapeza nthenga zamatirira zitosi, madzi ankapita pamoto nthawi yomweyo. Anthu a m'mudzi wake, kumtunda kwa Chipoka, ankamuseka mobisa, koma chifukwa chake ankachidziwa onse.

Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, Edina, mwana wake mmodzi yekhayo, anafunsiridwa ndi Yesaya, mnyamata wogwira ntchito panjanji. Pa chinkhoswe, monga mwa mwambo, akuchimuna anabwera ndi tambala, akuchikazi n'kutulutsa msoti. Inali nyengo ya mango. Msoti wa Lena unali utakhuta mango owola kuseri kwa nyumba, m'mimba n'kutsegula, ndipo m'chipwirikiti cha tsikulo panalibe amene anaona. Anaona ndi Pauline Nambewe, mlongo wake wamkulu wa Yesaya, amene anaulandira. Munthu woleredwa akanaukumbatira n'kukhala chete. Iye anaukweza m'mwamba, nautembenuza kuti bwalo lonse lione chibuma cha zitosi pansi pa mchira.

"Taonani ukhondo wa kumene mlongo wanga akalowe chikamwini," anatero Pauline. "Nkhuku ili chonchi, nanga eni ake?"

Anthu anafa nalo phwete, ankhoswe anatukanizana, tambala anabwerera kwawo. Chaka chisanathe Yesaya anakwatira kwina. Edina anapirira miyezi itatu kanyimbo komunyoza kamene akazi ankaimba kuchitsime, kenaka anakwera sitima ku Chipoka, nakalowa ntchito yolera ana ku Limbe. Kalata yake inabwera imodzi yokha. Lena anatsala ndi msoti uja. Anausambitsa tsiku lomwelo misozi ili chuchuchu, ndipo sanalole kuti uphedwe ngakhale pa Khirisimasi.

Njala ya 1949 inadya nkhuku zambiri m'dera lonselo. Zimene zinatsala, chitopa chinadzazisesa chilimwe cha zaka ziwiri zotsatira, kuyambira kunyanja mpaka kumapiri. Lena atangomva kuti kwa aneba nkhuku zayamba kuwodzera, anasenza zake m'madengu, nakakhala nazo mwezi wathunthu m'chisakasa cha kudimba lake la mpunga. Pobwerera anapeza kuti m'mudzi monse tambala wolira ndi wake yekha.

Ndiye kunamveka kuti Jenifer, mwana woyamba wa Pauline, wapeza banja, chinkhoswe ndi Loweruka. Akuchimuna anali ochokera kutali, tambala anali naye. Koma Pauline anayenda ku Chipoka, anafunsa kwa asodzi m'mbali mwa nyanja, msoti sanaupeze. Lena anamva nkhaniyi akutunga madzi. Mtsuko tsiku limenelo unamupepukira. Mlandu suwola.

Anasankha msoti wabwino koposa, wamawanga, naumangirira kuseri kwa khitchini. Masiku anayi anaudyetsa mango ofewa ndi madeya onyowa. Kunena zoona zinkamupweteka. M'mawa uliwonse dzanja linkamuyabwa kuti atereke madzi, ndipo ankakhala pafupi n'kumaingitsa ntchentche kuti zisasiyepo mphutsi. Ankaunong'oneza kuti upirire, ntchito yake ili pafupi. Lena ankamudziwa bwino Pauline: munthu wonyada chotere adzabwera tsiku lomaliza, njira zina zonse zitatsekeka. Choncho Lachisanu m'mawa anaitana akazi asanu ndi awiri kuti adzamuthandize kusinja mpunga, ndipo sanasankhe osunga pakamwa.

Dzuwa litakwera, odi anamveka. Pauline analowa atavala chilundu chatsopano, chija anagulira chinkhoswe. Ataona mitondo ndi akazi, anapempha kuti akalankhulire kuseri. Lena anayankha kuti pakhomo pake palibe chinsinsi, nam'patsa mphasa pakati penipeni pa bwalo. Pauline anazungulira ndi za mvula yochedwa, za udzudzu, mpaka anafika pa chimene anabwerera. Anatchula zogula. Lena anati nkhuku zake sagulitsa.

"Amake Edina, zakale zinapita," anatero Pauline motsitsa mawu. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Mwambi umenewo mwauphunzira liti, aNambewe?"

Misi inaima. Lena anapita kuseri, nabwera ndi msoti uja. Fungo linafika msoti usanafike. Anati awapatsa ulere, pakuti Jenifer sanamulakwire. Pauline anaugwira ndi nsonga za zala, nanena kuti zikomo, akaukonza kunyumba. Lena anapukusa mutu. Nkhuku yakuda kumbuyo inatulukapo kamodzi pakhomo pake, anatero, ndipo onse anaona zimene zinatsatira. Iyi ituluka yoyera kapena siituluka. Mwini chinkhoswe aisambitse yekha, pompano.

Pauline anayang'ana akazi aja mmodzimmodzi. Panalibe wom'thandiza, theka la iwo linali pabwalo tsiku lija. Anayang'ana kuchipata. Akanatha kunyamuka, koma mawa akanatulutsa chiyani pamaso pa alendo, bakha? Anagwada, misi n'kuyambiranso.

Lena anabweretsa phale la madzi ofunda ndi lumo, nakhala pampando wa malemu mwamuna wake ngati mphunzitsi. Pauline anafuna kuthana nazo msanga, nakoka chibuma chija. Msoti unakuwa.

"Musazule, khungu ling'ambika. Nyowetsani. Fikisani ndi zala, pang'onopang'ono."

Anafikisa. Madzi anasanduka obiriwira. Msoti unakupiza mapiko, madontho n'kumwazikira pa chilundu, ena pamlomo, ndipo mkazi wina anabisa nkhope kuseri kwa lichero mapewa akugwedezeka. Lena anamuuza nthenga zoti amete ndi zoti asiye, nam'bwezera kawiri pamene panatsala. Itafika nthawi yopukuta, zinapezeka kuti m'nyumba monse mulibe kansanza ngakhale kamodzi. Nkhuku yonyowa imagwidwa chifuwa, anatero Lena mwachifundo. Pauline anamasula nsonga ya chilundu chake, napukuta. Pomaliza anapakapo mafuta a nsatsi ndi chala.

Lena anadzuka, natenga msoti uja. Anaukweza m'mwamba, nautembenuza kuti bwalo lonse lione, monga momwe zinachitikira tsiku lija. Pansi pa mchira panali poyera, nthenga zikuuma kale ndi dzuwa la ku Salima. Anali atakonza mawu ambiri m'zaka zisanu ndi chimodzi, ena okhala ndi minga. Atayang'ana m'mtondo wa pafupi anaona kuti mpunga umene akazi aja anautsira pamene Pauline ankalowa sunayerebe. Ntchito yonse sinatenge ngakhale mtondo umodzi. Mawu okonza aja anathawa.

"Ndi zomwezi basi, aNambewe," anatero. "Madzi ofunda ndi lumo. Izi ndi zimene munandithamangitsira mwana."

Palibe anaseka. Anauika m'manja mwa Pauline, nawonjeza kuti auyang'anire bwino, ndi mdzukulu wa msoti uja anaukana pa chinkhoswe cha Edina. Pauline anatuluka pachipata atawerama, chilundu chonyowa chikum'matirira m'miyendo. Lena ananyamula phale la madzi akuda lija, nam'tsatira mpaka kumpanda, n'kuwakhuthulira pamapazi a Pauline amene anatsala m'fumbi. Kenaka anabwerera, natenga musi.