Chithunzi cha Febuluwale

Marjorie Hoskins anafika m'tauni ya Brattleboro kutada, atasochera kawiri. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankasonkhanitsa zithunzi za pakalendala ya 1948, zokopera ku zithunzi zamakedzana zosindikizidwa pamwala. Khumi ndi chimodzi anali nazo. Chinkasowa cha Febuluwale, cha akavalo akukoka ngolo pachipale chofewa.

Bambo Delbert, amene anachitsatsa m'nyuzipepala, anachichotsa pakhoma monyadira.

"Ndakuikirani mufelemu yatsopano, mayi."

Marjorie anachiyang'anitsitsa. Mphepete yoyera panalibe. Dzina la chithunzicho, lolembedwa m'munsi, linapitanso.

"Mwachidula?"

"Chimakana kulowa. Ndangochepetsako ndi sizasi ya akazi anga."

"Mwangochepetsako! Munthu wamkulu, imvi mbuu, osadziwa kuti chopanda mphepete n'chipepala wamba?"

"Iii mayi, si chokopera chabe ichi? Akavalo onse alipo, awerengeni."

"Zodulazo zili kuti?"

Delbert analoza moto wa m'chitofu.

Msewu unali utatsekeka ndi chipale, choncho Marjorie anagona komweko, chakudya chawo osachikhudza. Kutangocha, msewu utatseguka, analiza galimoto osatsanzika. Delbert anatsala pakhonde, chithunzi chili m'manja, akukuwa kuti felemuyo ndi yaulere.